Amayi a pa Mphasa ya Kumbuyo

Nkhani iyi anthu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri amaikamba motsitsa mawu, ndipo woikamba amayamba wayang'ana kukhomo ngati nkotseka. Idachitikira ku nyumba ya m'bindikiro ya Akatolika imene ili pamwamba pa phirilo, pakati pa mitengo ya paini. Malowo anthu adangowatcha kuti ku Chete, chifukwa opita kumeneko amatha masiku osayankhulana, kupemphera kokhakokha.

Verediyana Nangondo adatsika minibasi pa mphambano dzuwa litapendeka, m'mwezi wa Juni, nkhungu itayamba kale kutsetsereka m'phiri. Adali mayi wa imvi zapatalipatali, wowonda ndi matenda a m'mimba amene a chipatala adaleka kuwatchula dzina pamaso pake. Iye mwini ankadziwa kuti dzinja likudzalo sadzagwiranso khasu. Chimene adakwerera phirilo chidali chimodzi: kulapa ndi kulandira Ukaristia asanafe.

Pamene adalandira komaliza adali akadali mtsikana. Amalume ake adamukwatitsa kwa a Mlongoti, bambo amene adali kale ndi mkazi wa ukwati wa m'tchalitchi, ndipo palibe adamufunsa ngati akufuna. Kuyambira tsiku limenelo mpingo udamuimitsa masakramenti. A Mlongoti atadwala mwakayakaya, abale awo adawanyamula kukawagoneka kwa mkazi wamkulu. Wansembe adafika, nawalapitsa, nawadzoza, ndipo maliro awo adali a Misa, kwaya yonse itavala yunifolomu. Verediyana, amene adawasambitsa ndi kuwadyetsa nthawi yonse ya kudwala kwawo, adaima kuseri kwa nkhokwe. Maliro atatha adapita ku parishi kukapempha kuti amubwezere. Komiti ya tchalitchi, imene wapampando wake adali mlongo wa mkazi wamkulu uja, idati nkhani yake iiona. Idakhala ikuiona mpaka mvula idagwa ndi kukata.

Ku Chete kokha ndiko kudali malo ake. Bambo Kamtengeni, wansembe wokalamba amene ankayang'anira nyumbayo, adali ndi chizolowezi chawochawo. Nyengo yozizira ikafika ankaitana amayi oimitsidwa masakramenti, a m'mitala ndi okwatiwa kunja kwa mpingo, kuti adzabindikire. Amayiwo ankavula nsapato pakhomo la katchalitchi kakale nkukakhala pa mphasa kumbuyo kwenikweni. Palibe adawalamula kutero. Adangozolowera kuti malo awo ndi amenewo. Nthawi yolandira ikakwana ankaweramitsa mitu, ndipo nkhalambayo inkachoka ku guwa ikukoka mwendo wake wopuwala, nkudzasanjika dzanja pamutu pa aliyense. Tsiku lina Bambo Kamtengeni adamuuza Verediyana kuti: "Anangondo, chokumangani chikadzachoka, musadzatope ndi makomiti. Mudzangobwera kuno."

Tsono adabwera.

Atakwera pang'ono adayamba kumva mapazi kumbuyo kwake. Sadali a nsapato ayi. Adali a munthu woyenda chabe pa dothi lonyowa. Iye akaima nawonso ankaima, koma mochedwerapo, ngati munthu amene wadzidzimutsidwa. Adacheuka kawiri konse, ndipo sadaone kanthu koma nkhungu ndi mithunzi ya paini.

Pa kona pamene njira imapatukira ku chitsime adapeza mayi wina atakhala pa mwala, atadzifunditsa chitenje mpaka kumaso, nsapato zake ataziika pamiyendo.

"Mwaswera bwanji, amayi?" adapereka moni Verediyana.

"Taswera. Mwachedwa, Anangondo. Anzanu adutsa kale."

"Mwandidziwa bwanji? Kodi ndikuyankhula ndi ayani?"

"Kwerani, kukuda. Ndikupezani komweko."

Verediyana adapitirira. Mawuwo adafanana ndi a Skolasitika, mnzake wa pa mphasa, amene ankakhala kudzanja lake lamanzere chaka ndi chaka. Skolasitikayo adamwalira nthawi yokolola chaka chathacho, ndipo Verediyana adaphika nawo pa maliro ake. Adadziuza kuti mawu a anthu amafanana, nafulumiza.

Pamwamba adapeza zinthu zitasintha. Pamene padali mpanda wa maluwa padali geti lachitsulo, ndi chikwangwani cholengeza kuti pali zipinda ndi maholo ochitiramo misonkhano. Sisitere wina amene sankamudziwa adamutsekulira ataika chala pamlomo, namutsogolera ku ofesi. M'menemo mudakhala wansembe wachinyamata, wa magalasi, wooneka kuti watopa ndi ntchito. Adati dzina lawo ndi Bambo Chimphonda, ndipo ndiwo akuyang'anira nyumbayo tsopano.

"Bambo Kamtengeni adatisiya m'nyengo ya Lenti, amayi. Simudamve? Tidalengeza pa wailesi."

Verediyana adagwira m'mphepete mwa mpando. "Wailesi idapita ndi abale a malemu, Bambo."

"Pepani. M'bindikiro wa amayi uja nawonso tidauthetsa. Unkasokoneza anthu. Ena ankati tikuvomereza mitala."

"Mitala yanga idatha. Mwamuna ali kumanda. Ndangobwera kudzalapa."

"Ino si parishi, amayi. Nkhani ngati yanu ili ndi njira yake. Iyambire ku mphakati, ipite ku komiti, ifike kwa bambo mfumu wanu. Ine ndikakulapitsani pano, mawa andiimbira foni kuti ndikulowerera za eni ake. Ndangofika kumene, sindikufuna kuyamba ndi milandu."

"Komitiyo ikamadzamaliza kuona, ine adzakhala atandikwirira kale."

"Tonse tidzafa, amayi," adatero wansembeyo akumwetulira, ngati wanena mawu otonthoza.

Popeza kudali kutada, adalola kuti agone, koma zipinda zonse zidali zodzaza. Sabata imeneyo kudali m'bindikiro wa atsogoleri a mabungwe a amayi a mu dayosizi. Sisitere uja, dzina lake Redemputa, adamutenga kupita naye kukachipinda kosungiramo makasu, kamene kadagundana khoma ndi katchalitchi kakale.

Podutsa pa zenera la chipinda chodyera, Verediyana adaona amayiwo atakhala m'mizere, atavala majuzi ndi zitenje zofanana, akudya mosayankhula. Pakati pawo padali mayi Kalinde, wa ku parishi kwawo, amene adaimba naye kwaya ali ana. Maso awo adakumana. Mayi Kalinde adayang'ana m'mbale mwawo ndipo sadadzutsenso mutu. Verediyana adazindikira kuti lamulo la kukhala chete limathandiza anthu ena kuposa mapemphero: munthu ukhoza kumuona mnzako ali panja pozizira, osamupatsa moni, nkumaoneka woyera mtima.

Sisitere Redemputa adabweretsa tiyi ndi bulangete. Adaima pakhomo akuzengereza, kenaka adaswa lamulo nanong'ona.

"Pobwera simudakumane ndi munthu atanyamula kabelu ka pa Misa?"

"Ayi, Sisitere."

"Chiyambireni kuzizira kuno zinthu zikungosowa. Adayamba ndi mphasa zakale zimene tidapinda kuti titenthe. Kenaka makandulo otsalira. Dzana kabelu. Bambo akuti ndi ana a m'mudzi."

"Ana angabe mphasa zothetheka?"

"Musandifunse zambiri, amayi. Ine ndidatumizidwa kuno, sindidapemphe." Adayang'ana ku katchalitchi kakale. "M'menemo tsopano timasungamo mipando ya pulasitiki, ndipo kiyi ali ndi ine. Mukamva kanthu, musatsekule."

Verediyana adavula nsapato zake pakhomo monga ankachitira kwawo, nadzikulunga m'bulangete pakati pa makasu. Mimba inkamuluma. Adayesa kupemphera kolona, koma zala zidaima pa mkanda umodzi, osasuntha. Magetsi a ku nyumba zatsopano adazima, phiri lonse lidangoti zii. Adaganiza za njira yobwerera, za nyumba yake yopanda munthu, ndi za tsiku limene adzamunyamule popanda nyimbo, akatekisiti atakana kufika. Sadalire. Misozi yake idatha kale kuseri kwa nkhokwe ija.

Ndiye adamva phokoso kuseri kwa khoma. Lidali lochepa, la mphasa ikamayalidwa pansi pa simenti. Padapita kanthawi, ina idayalidwanso. Wina adatsokomola, chifuwa chouma cha munthu amene wakhala moyo wake wonse pa utsi. Kenaka kudayamba kung'ung'udza kwa mawu ambiri, otsika, akuyenda pamodzi ngati madzi a mu ngalande. Sadamve mawu enieniwo, koma kayendedwe kake ankakadziwa. Idali kolona.

Adakumbukira chenjezo la Sisitere. Komabe adadzuka, chifukwa kuyambira pamene adatsika minibasi, amenewo ndiwo adali mawu oyamba omveka ngati a kwawo. Atatsekula chitseko adapapasa pansi kufuna nsapato zake. Padalibe.

Adazipeza pakhomo la katchalitchi kakale. Pamenepo padali mzere wa nsapato: zapulasitiki zong'aluka, mapatapata omangidwa ndi waya, zina zansalu zopindika kuchidendene. Zonse zidali zonyowa ndi mame. Zake zidali kumapeto, zitaikidwa bwinobwino, zoyang'ana kukhomo. Loko adali lende, ndipo chitseko chidali chotsekuka pang'ono, pongokwanira munthu wowonda.

Mkatimo mudali kuwala kochepa kumene sadaone kochokera. Mipando yosanjikizana idaima m'makoma ngati anthu atali. Kumbuyo kwenikweni, pa mphasa, padakhala amayi atafunda zitenje kumutu. Sadathe kuwawerenga, chifukwa akayang'anitsitsa mmodzi ankangoona mdima, koma akayang'ana pambali onse adalipo. M'chipindamo munkanunkha utsi wa m'zovala ndi dothi lokumbidwa kumene.

Verediyana adaima pakhomo. Pamenepo awiri a iwo adasendera, wina uku wina uku, nasiya malo pakati pawo.

Chimwalirire a Mlongoti palibe adamusenderapo. Ku tchalitchi, ku chigayo, ngakhale pa maliro a anthu ena, ankakhala pamene patsala. Miyendo yake idayenda yokha. Adakhala pansi, ndipo phewa la kumanzere kwake lidamukhudza. Lidali lozizira ngati mtsuko wa m'mawa.

"Mwafika," adanong'ona mawu aja a pa mwala.

"Askola, ndinu?"

"Khalani chete, Misa ili mkati."

Kutsogolo kabelu kadalira. Kenaka kudamveka kuyenda kumene Verediyana akadakuzindikira pakati pa anthu chikwi: phazi limodzi kuponda, linalo kukokeka. Kudachokera ku guwa, pang'onopang'ono, kulunjika ku mphasa. Iye adaweramitsa mutu monga mwa nthawi zonse. Koma adaona kuti anzakewo sadawerame. Onse adakweza nkhope.

"Thupi la Khristu," adatero mawu okalamba kumayambiriro kwa mzere.

"Amen."

Phazi lidaponda, linalo lidakokeka.

"Thupi la Khristu."

"Amen."

Chimene Verediyana adachidikira moyo wake wonse chinkabwera kwa iye chokha, popanda komiti, popanda kugwadira munthu. Koma ankadziwanso chimene mwana aliyense wa m'mudzi amadziwa: wolandira chakudya m'manja mwa akufa sabwereranso kwa amoyo. Ndipo adaona chinthu china. Aliyense akati Amen, ankatsala chikwezere nkhope, kukamwa kuli yasa, ngati mwana wa mbalame amene mayi wake wamudumpha.

Kuyendako kudaima patsogolo pake. Sadayang'ane m'mwamba. Adangoona m'mphepete mwa mkanjo, ndi kuyera kwa kanthu kakang'ono pafupi ndi milomo yake.

"Yasamulani, Anangondo," adanong'ona Skolasitika. "Kunjako akudikiritsani mpaka liti? Nafenso tidadikira. Ine a komiti adandiuza kuti nkhani yanga ikambidwa Lamulungu likudzalo."

"Mumalandira chonchi usiku uliwonse?"

"Usiku uliwonse."

"Nanga mukalandira, mumakhuta?"

Mayi wa chifuwa uja adatsokomola, ndipo wina kumapeto kwa mphasa adausa moyo, kuusa kwakutali kwa munthu amene wagona ndi njala.

Verediyana adaganiza za mlongo wa mkazi wamkulu akulandira uthenga woti Nangondo wapezeka atafa ku Chete, nkumati nkhani ija yatha yokha. Adatseka pakamwa, nalumanitsa mano.

"Pepani, Bambo," adatero. "Mudandichitira chifundo pamene ena onse adandikana. Koma ndikadali ndi mpweya. Amoyo ndiwo adandimana, amoyo omwewo andipatse."

Kenaka dzanja lidatsika pamutu pake, lolemera, lozizira, nkukhala pamenepo monga linkakhalira kale. Litachoka, Skolasitika adayankhulanso, ndipo m'mawu ake mudalibe mkwiyo.

"Ndiye tikuperekezani."

Verediyana adadzidzimuka kukuyera, ali yekha pa simenti pakati pa mipando. Belu lalikulu linkaitanira anthu ku Misa ya m'mawa ku tchalitchi chatsopano. Nsapato zake zidali pakhomo, zokha. Adazisiya pomwepo, napita chopanda nsapato.

Tchalitchi chatsopano chidali cha matayilosi owala ndi mabenchi opakidwa vanishi. Verediyana adakhala kumbuyo. Palibe adamuyang'ana. Nthawi yolandira itakwana, amayi a majuzi adandanda, manja ali pachifuwa. Iye adadikira kuti womaliza adzuke, kenaka nayenso adaimirira. Podutsa pa benchi la mayi Kalinde adamva akumukoka chitenje. Adachikoka mwamphamvu, napitirira.

Atafika kutsogolo adagwada, nayankhula mokweza, mawu ake ndi kumveka m'tchalitchi monse.

"Mundidalitse, Bambo, chifukwa ndachimwa. Chilapire changa ndidali mtsikana."

Bambo Chimphonda adabweza chikho cha Ukaristia pachifuwa. "Amayi, si pano ayi," adanong'ona. "Dzukani. Tikambirana ikatha Misa."

"Ndi pano. Mudati nkhani yanga imvedwe ndi komiti. Atsogoleri ndi awa akhala apawa, amve." Adapuma, chifukwa mimba idamugwira. "Ndidakhala ndi mwamuna wa mwini wake. Sindidasankhe, koma ndidakhala naye, ndipo pena ndidamukonda. Ndidadana ndi mkazi mnzanga. Ndidadana ndi amalume anga mpaka adafa ndisanawapatse moni. Ndidadana ndi mpingo. Dzulo ndidadana ndi inu. Machimo anga ndi amenewo."

Wansembeyo adakweza maso kufunafuna Sisitere Redemputa kuti adzamuchotse. Sisitereyo adali atagwira kukamwa, akuyang'ana kukhomo.

Kukhomoko kudamveka phazi lonyowa likuponda pa matayilosi. Kenaka lina, ndi linanso. Mapaziwo adali ambiri, osafulumira, akubwera pakati pa mabenchi. Fungo la utsi lidadzaza tchalitchi mpaka kuposa la lubani. Amayi amene adakhala m'mphepete mwa kanjira adayamba kusenderera ku makoma, akukanikizana, wina kolona yake nkuduka, mikanda kumwazika pansi. Palibe adakuwa. Masiku onse aja a kukhala chete adali atawaumitsa pakhosi.

Mapaziwo adaima kumbuyo kwa Verediyana. Iye sadacheuke. Adangomva kuzizira pamsana, ndi mpweya wa wina pafupi ndi khutu lake lamanzere.

Bambo Chimphonda adayang'ana pamwamba pa mutu wa mayiyo, kanjira konse mpaka kukhomo. Chimene adaona sadauzepo munthu mpaka lero. Milomo yawo idayera. Adaika chikho pa guwa, natambasula dzanja pamutu pa mayiyo, nanena mawu okhululukira machimo mpaka kumapeto, osadumpha ndi limodzi lomwe. Kenaka adatenganso chikho.

"Thupi la Khristu."

"Amen," adayankha Verediyana.

Kadali kanthu kopepuka, kosakoma kanthu, ndipo kadasungunuka pa lilime msanga kuposa mmene ankakumbukirira. Adadzuka movutikira. Sadabwerere kumbuyo. Benchi la kutsogolo lidali lopanda munthu, eni ake atathawira kukhoma, ndipo iye adakhala pamenepo natseka maso.

Wansembe sadabwerere ku guwa. Adaima pomwepo, thukuta likutsika m'masaya kuzizira konse kuja. Adapisanso dzanja m'chikho, nakweza Ukaristia patsogolo pake, pamene amayi a majuzi sankaonapo munthu.

"Thupi la Khristu," adatero.

"Amen," adayankha mawu a Skolasitika.

Zala za wansembe zidatsika zopanda kanthu. Adapisanso m'chikho. Verediyana ankamvetsera Amen aliyense, ndi kumutchula mwini wake dzina mumtima. Ena sankawadziwa, adali a zaka za m'mbuyo iye asanayambe kubwera. Mzerewo udali wautali.

Okamba nkhaniyi amalekezera pamenepa, nasonkhezera moto. Amangowonjeza kuti m'tchalitchi monse muja munthu mmodzi yekha ndiye adalibe mantha, ndi kuti adamuona akusendera kumapeto kwa benchi la kutsogolo lija, akukoka chitenje chake kuti chisatenge malo, kuti obwera kolandira apeze pokhala.